Grafo: masamu a timadontho ndi mizere m'kalasi ya zilankhulo ziwiri

Mwana wa ku Fonte Boa amadziwa njira yochoka kwawo kupita kusukulu, kutchalitchi, kuchigayo ndi kumjigo. Akalemba malowa pansi ngati timadontho, n'kulumikiza timadonthoto ndi mizere yoimira njira, wajambula chomwe pa Chipwitikizi amati grafo. Mphunzitsi asasokoneze mawuwa ndi gráfico, chithunzi choonetsa kukwera ndi kutsika kwa manambala.

Grafo ili ndi zigawo ziwiri. Kadontho, kapena vértice, kamaimira malo, munthu kapena chinthu. Mzere, kapena aresta, umalumikiza timadontho tiwiri. Kutalika kapena kukhota kwa mzere sikusintha kanthu: chofunika ndi kudziwa kuti ukulumikiza chiyani ndi chiyani. Chiwerengero cha mizere yofika pa kadontho amachitcha grau. Ngati pachigayo pafika njira 3, grau yake ndi 3.

Ana 4 akapatsana moni wa m'manja, aliyense ndi mnzake kamodzi, mwana aliyense ali ndi grau 3. Kuwonkhetsa zonse kumapereka 12, koma moniyo waperekedwa ka 6 kokha, chifukwa moni uliwonse wawerengedwa kawiri. Lamuloli limagwira pa grafo iliyonse.

Phunziroli linayamba mu 1736, pamene Leonhard Euler anayankha funso la milatho 7 ya mumzinda wa Königsberg: kodi munthu angawoloke mlatho uliwonse kamodzi kokha pa ulendo umodzi? Iye anaonetsa kuti n'zosatheka. Ulendo wotere umatheka ngati malo onse ali olumikizana, ndipo malo okhala ndi grau yosagawika ndi 2 ali awiri kapena palibe. Ku Königsberg malo onse 4 anali otero.

Kuyambira pa pulojekiti ya PEBIMO ya 1993 mpaka 1997, yomwe inayesa kuphunzitsa m'Chinyanja ku Tete, sukulu za zilankhulo ziwiri zimayamba ndi chilankhulo cha mwana, Chipwitikizi n'kubwera pambuyo. Grafo iyenera kutsata njira yomweyo. Mwana ayambe wayenda pa mizere yojambulidwa pabwalo, awerenge njira zofika pa kadontho kalikonse, kenako amve dzina lakuti vértice. Aphunzitsi a pasukulu imodzi agwirizanenso mawu. Wina akamati kadontho, wina mfundo, wina mphambano, mwana amayesa kuti ndi zinthu zitatu, ndipo mawu a Chipwitikizi akabwera sadziwa kuti akuimira chiti.