Mafuta Akuda m'Chiwaya

Lero tikupita ku Ngala, doko la asodzi limene lili kumpoto kwa Dwangwa, m'boma la Nkhotakota. Kumeneko usipa wogwidwa usiku ndi chilimira umafika kumtunda m'bandakucha, ndipo amalonda ena amaukazinga m'ziwaya m'malo mouyanika, makamaka nthaŵi ya dzinja pamene mvula imaoletsa nsomba pathandala. Mafuta ndi okwera mtengo, motero wokazinga amafuna kuti amuthandize masiku angapo. Kodi chimachitika n'chiyani m'chiwayamo?

Zimene zimaononga mafuta ndi zinthu zitatu: madzi, mpweya ndi moto. Nsomba yaiŵisi ili ndi madzi ambiri, ndipo phokoso limene mumamva ikaloŵa m'chiwaya ndi madziwo akutuluka ngati nthunzi. Madzi ameneŵa amaphwanya mafuta pang'onopang'ono. Mpweya nawo umasakanikirana ndi mafuta otentha ndi kuwasasitsa. N'chifukwa chake mafuta oŵerengeka m'chiwaya chachikulu chosazama amaonongeka msanga kuposa ochuluka mumphika wakuya. Moto ukapyola muyeso, mafuta amapsa ndi kufuka utsi. Zoonjezera pamenepa ndi nyenyeswa zopserera pansi pa chiwaya, mchere, ndiponso mafuta a nsomba yeniyeniyo, amene sachedwa kusasa.

Mafuta oonongeka amadziŵika ndi maso. Amada, amanandama ngati uchi, amachita thovu losaphwa msanga, ndipo amafuka moto usanakule. Usipa wokazingidwamo umada kunja usanapse m'kati, umakereketa pakhosi, ndipo ukafika ku Kasungu kapena ku Lilongwe umakhala utayamba kale fungo. Pamenepo wogula amatsitsa mtengo. Kuonjezera apo, malamulo a dziko lino amafuna kuti mafuta ophikira a m'mafakitale athiridwe Vitamini A, amene amateteza maso ndi kulimbitsa thupi la mwana. Mafuta akatenthedwa mobwerezabwereza, vitaminiyo amatha. Maiko ambiri a ku Ulaya adaika lamulo lakuti mafuta atayidwe pamene oonongeka afika pafupifupi magawo 25 mwa magawo 100 alionse.

Kutentha koyenera kukazingira ndi madigiri 170 mpaka 180. Kudoko kulibe choyezera, koma njira ilipo. Ponyani usipa umodzi. Ukayamba kuthetheka nthaŵi yomweyo ndi kuyandama, mafuta afikapo. Ukamira phee, dikirani, pakuti nsomba yoikidwa m'mafuta osatentha imamwa mafuta ambiri ndipo imafeŵa. Zimachitikanso chimodzimodzi mukathira usipa wambiri nthaŵi imodzi, chifukwa umaziziritsa chiwaya. Wofulumira motere amagula mafuta ambiri kuposa mnzake wokazinga pang'onopang'ono.

Tsono chitani izi. Mukatsuka usipa, uyalikeni kuti madzi akhe musanaukazinge. Mchere muwaze mutaphula. Chotsani nyenyeswa kaŵirikaŵiri, ndipo musasiye chiwaya pamoto chopanda nsomba. Pomaliza ntchito, mafuta akazizira, asefeni ndi nsalu yoyera, muwasunge m'chigubu chotsekera bwino, pamthunzi. Dziŵaninso kuti mafuta a mtedza ndi a mgwalangwa amapirira moto kuposa a soya ndi a mpendadzuŵa.

Ambiri amathira mafuta atsopano m'akale, poganiza kuti awachiritsa. Choona n'chakuti akalewo ndiwo amafulumizitsa kuonongeka kwa atsopano. Mafuta akada ndi kuchita thovu, ntchito yake yatha, ndipo asatengedwe kupita kunyumba kukathira m'ndiwo za ana.

Inunso ogula m'misika, nunkhizani usipa musanapereke ndalama, ndipo ngati akukazingira pompo, suzumirani m'chiwaya. Mawuŵa akukhudzanso okazinga mandasi, zitumbuwa ndi tchipisi m'maboma onse.