Ufulu wofika kunyanja yamchere tili nawo, nanga katundu amaimiranji pa Beira?

Mu Okutobala 2010 anthu anakhamukira ku Nsanje kukaona kutsegulidwa kwa doko latsopano. Pulezidenti Bingu wa Mutharika analipo, pamodzi ndi Robert Mugabe ndi Rupiah Banda, ndipo maso a onse anali pa Shire kudikira chombo cha feteleza chochokera kunyanja yamchere. Chombocho sichinafike. Boma la Mozambique linachigwira pa Marromeu, mumtsinje wa Zambezi, ponena kuti chinalibe chilolezo, komanso kuti kafukufuku wa momwe zombo zingakhudzire mtsinjewo anali asanachitike. Amalawi ambiri anapsa mtima: kodi dziko losagunda nyanja yamchere lilibe ufulu wodutsa? Funso lomweli ndi limene amafunsa lero wamalonda amene kontena yake yagonera pa Beira ndalama zikuwerengedwa tsiku ndi tsiku.

Ufuluwo ulipo, ndipo ndi wakale kuposa dziko la Malawi. Kale katundu wa amishoni a ku Scotland ndi wa kampani ya African Lakes ankatsikira pa Quelimane, n'kukwera mtsinje wa Kwakwa pa mabwato, kenako n'kusenzedwa pamutu mpaka ku Zambezi. Njira yonseyi inali m'manja mwa akasitomu a Apwitikizi. Mu 1889 Daniel Rankin anasonyeza kuti sitima ikhoza kulowa mu Zambezi kudzera pa Chinde, ndipo mkangano wa Britain ndi Portugal unakula mpaka Britain anaopseza mu Januwale 1890 kuti Apwitikizi achotse asilikali awo kudera la Shire. Pa 11 Juni 1891 maiko awiriwa anasainirana pangano ku Lisbon. Linadula malire amene tikuwadziwa lero, linati Zambezi ndi Shire ndi mitsinje yotseguka kwa zombo za maiko onse, linatinso kwa zaka 25 msonkho wa katundu wongodutsa usapitirire 3 peresenti. Amang'anja, Asena ndi Amakololo amene ankakhala m'mbali mwa mitsinjeyi sanafunsidwe kanthu.

Chimene anthu amachiiwala n'chakuti Angerezi sanakhutire ndi mawu a panganolo. Anachita lendi kachigawo ka malo pa Chinde kwa zaka 99, kuti katundu wopita ku Nyasaland azitsitsidwa m'sitima zazikulu n'kukwezedwa m'sitima za mumtsinje popanda kudutsa pa kasitomu wa Apwitikizi. Ankadziwa kuti ufulu wolembedwa sunyamula thumba la mchere ngati palibe malo, maofesi ndi malamulo a tsiku ndi tsiku ogwirizanapo. Malowo madzi anawakokolola pang'onopang'ono, mphepo yamkuntho inaphwanya zombo zambiri mu 1922, chaka chomwecho njanji yochokera ku Beira inafika pa Zambezi, ndipo mu 1923 Chinde anasiyidwa. Mlatho wa njanji wa Dona Ana pa Zambezi utatha mu 1935, za mumtsinje zinachepa kwambiri. Ngati pangano la atsamunda limamangabe Mozambique amene analandira ufulu mu 1975 ndi nkhani imene akatswiri a malamulo angakanganepo, koma za pa Marromeu zinaonetsa kuti Maputo saliona ngati chilolezo.

Lamulo limene likugwira ntchito lero ndi pangano la United Nations lokhudza za panyanja, la mu 1982, limene Malawi analivomereza mu 2010. Ndime 125 imanena mosabisa kuti dziko losagunda nyanja lili ndi ufulu wofika kunyanja ndi wodutsa m'dziko la mnzake pa njira iliyonse ya mtengatenga. Akuluakulu athu amakonda kuwerenga mpaka pomwepo n'kutseka buku. Koma ndime yomweyo imapitiriza kuti ndondomeko ya kadutsidweko iyenera kugwirizanidwa ndi maiko okhudzidwawo, ndipo dziko lodutsidwalo lili ndi mphamvu zonse zoteteza zofuna zake. Apa ndi pamene zinthu zimaima. Uli ndi ufulu wopita kuchitsime, koma njira yadzera pakhomo pa mnzako, ndipo za nthawi yodutsira ndi mbali yodzera muyenera kukhala pansi awiri. Kumanga doko la Nsanje zokambiranazo zisanathe kunali kuyamba ndi mapeto, ndipo anataya ndalama ndi Amalawi okhoma msonkho.

Mumlengalenga lamulo n'lolimba koposa. Pangano la Chicago la mu 1944 limati thambo la pamwamba pa dziko lililonse ndi la dzikolo lokha, ndipo ndege yoyenda mwa ndandanda singalowemo popanda chilolezo. Ngakhale nthawi ya atsamunda zinali choncho: ndege zotera pamadzi za Imperial Airways, zimene zinayamba ulendo wa Southampton mpaka Durban mu 1937, zinkatera pa Beira ndi Lourenço Marques (lero Maputo) mololedwa ndi Portugal. Ndege zotere za BOAC zinateranso pa Cape Maclear mu 1949 ndi 1950, kunyanja imene inali pansi pa Angerezi eni ake. Lero kudutsa pamwamba ndi kutera kumwetsa mafuta sizivuta kwenikweni. Povuta ndi pa ufulu wachisanu, wonyamula anthu pakati pa maiko awiri achilendo ndege ili pa ulendo wochokera kwawo. Maiko a mu Africa anagwirizana ku Yamoussoukro mu 1999 kuti aumasule, anabwerezanso mu 2018 pokhazikitsa msika umodzi wa ndege, koma boma lililonse limaumirabe pofuna kuteteza kampani yake. Wokwera ndi amene amalipira, pa tikiti yodula ndi ulendo wozungulira kuti akafike mzinda wa dziko loyandikana nalo.

Tibwerere pansi, pa kontena. Ndime 127 ya pangano la 1982 lija imaletsa kudula msonkho katundu wongodutsa, kupatula malipiro a ntchito imene wachitiridwa. Mawu akuti ntchito ndi otakasuka, ndipo mmenemo ndi mmene mumalowa zonse: kutsitsa, kusunga padoko, kuunika ndi makina, loko wamagetsi wolondola thiraki, malipiro a msewu. Palibe chimodzi chotchedwa msonkho, koma pamapeto thumba lapepuka chimodzimodzi.

Sitima ikafika, ejenti wa ku Beira kapena Nacala amapereka kwa akasitomu chikalata cha katundu wodutsa, chogwirizana ndi chikalata cha mwini sitima. Dzina likasiyana chilembo chimodzi, kapena kulemera kukasiyana, zonse zimabwerera poyambira, ndipo zolembazo zili m'Chipwitikizi chimene mwini katundu sangathe kuchiwerenga yekha. Kenako pamabwera bondi, ndipo apa ndi pofunika kumvetsa bwino. Mozambique amaopa kuti katundu wolembedwa kuti akupita ku Malawi angagulitsidwe pa Tete osakhoma msonkho, choncho amafuna chikole. Chikolecho amaika ndi ejenti kudzera kubanki kapena kukampani ya inshulansi, ndipo chili ndi malire ake. Chimamasuka thiraki ikatuluka pa Zobue kulowa Mwanza, kapena pa Calomue kulowa Dedza, ofisala n'kutseka fayilo mu kompyuta. Ngati mathiraki a anthu ena amene anadutsa kale sanatsekeredwe mafayilo, bondi ya ejenti wanu imakhala yodzaza, ndipo kontena yanu imadikira chifukwa cha ulesi wa munthu amene simunamuonepo. Ejenti sadzakuuzani zimenezi. Adzati netiweki yagwa, kapena bwana watuluka, kapena akufuna kangachepe kuti fayilo iyende.

Pamene mukudikira, mawotchi awiri akuyenda. Doko likuwerenga masiku osungira, ndipo mwini sitima akuwerenga masiku amene mwasunga kontena yake kupyola masiku aulere. Wotchi yachiwiriyi siima katundu akafika ku Blantyre, imaima kontena yopanda kanthu ikabwerera kudoko. Malipiro ake ndi a madola, ndipo aliyense akudziwa kuti kupeza madola kubanki kuno ndi mzere winanso. Ambiri amene amati anabedwa pa Beira anagwa pamenepa, ngakhale aliponso maejenti amene amawonjezera masiku amene sanakhaleko, podziwa kuti mwini katundu ali kutali. Tisaiwalenso kuti Mozambique anatuluka mu COMESA, choncho zina zimene zimapepuza ulendo wa ku Zambia sizithandiza panjira iyi. Kuno timadalira mgwirizano wa SADC ndi zimene maboma awiriwa agwirizana.

Musanalipire katundu kunja, pemphani kuti masiku aulere alembedwe pachikalata cha mwini sitima, ndipo muwerengere ulendo wobwezera kontena. Funsani ejenti ngati bondi yake ili ndi malo sitima isanafike, osati itafika. Malipiro alionse a masiku owonjezera abwere ndi lisiti ya doko kapena ya mwini sitima, yosonyeza tsiku lotsitsa ndi tsiku lotuluka, osati uthenga wa pafoni. Ndipo nduna ikadzaima kulengeza njira yatsopano ya kunyanja kapena ulendo watsopano wa ndege, phungu wanu aifunse m'Nyumba ya Malamulo ngati mgwirizano ndi dziko linalo wasainidwa, ndi zimene ukunena pa bondi, pa malipiro ndi pa maola otsegulira chipata.