Za Magalimoto Awiri a Mimba Imodzi

Pa nyengo ya masika, fodya, soya ndi mtedza zikagulitsidwa, mabanja ena amene Mulungu wawadalitsa m'minda amayamba kulingalira zogula galimoto yogwirapo kale ntchito ku Japan, yoti izinyamula mbeu kunka nazo kumsika, ndi kuthamangira nayo kuchipatala pakagwa matenda usiku. Tsono ambiri akafika kwa ogulitsa amapeza magalimoto awiri ofanana ngati mapasa, ina Probox, ina Succeed, nasowa pogwira. Popeza ndalama zimenezo ndi thukuta la zaka zambiri, tati tikufotokozereni kusiyana kwake, kuti mungagule mwakhungu.

Onse awiriwa ndi a kampani ya Toyota, ndipo anayamba kupangidwa chaka chimodzi, 2002. Anawapangira amalonda a ku Japan oyenda ndi katundu tsiku ndi tsiku. Nchifukwa chake alibe zokometsera zambiri, koma kumbuyo kwake nkotakasuka ngati bokosi. Chiongolero chili kudzanja lamanja, pakuti kumeneko amayenda kumanzere kwa mseu monga ife kuno.

Kuyambira 2002 kufikira 2014, Succeed ndiye anali mkulu, Probox mng'ono wake. Succeed inkaposa inzake m'litali ndi masentimita ngati 10, ndipo ya mtundu wonyamula katundu anailoleza makilogalamu 450, pamene Probox anailoleza 400. Kunena mwa kumudzi, Succeed isenza matumba 9 a chimanga a makilogalamu 50, Probox matumba 8, ndiye kuti m'galimotomo muli anthu awiri okha kutsogolo. Mu Probox mukakwera anthu asanu, katundu asapitirire makilogalamu 250, ndiwo matumba 5. Kusiyana kwina kuli m'injini. Probox ya petulo ipezeka ndi injini ya 1300 kapena ya 1500, koma Succeed ya petulo ndi ya 1500 yokha. Yaing'onoyo imwa mafuta pang'ono pa mseu wachidikha, koma ikasenza katundu pa zitunda zonga za ku Ntcheu ndi ku Dedza ipuma wefuwefu, mwini napondereza mafuta, kupindula kuja nkutha.

M'chaka cha 2014 Toyota inakonzanso magalimotowa niwapatsa thupi limodzi ndi muyeso umodzi wa katundu, ndiwo makilogalamu 400. Ndipo mu 2020 dzina la Succeed linalekeka, latsala ndi la Probox. Chotero mukaona awiri opangidwa pambuyo pa kukonzako, onse a injini ya 1500, musalole kuonjezera ndalama chifukwa cha dzina lolembedwa kumbuyo, pakuti ndi galimoto imodzi yovala maina awiri. Koma dziwani ichi: atsopanowo ali ndi magiya odzisintha okha a mtundu wotchedwa CVT, ofuna oyilo wakewake, ndipo munthu akathiramo oyilo wina amawaononga. Akale aja ena ndi a magiya a pamanja, ena odzisintha okha a masiku onse, amene amakaniko ambiri anawazolowera. Komanso msonkho wa boma polowetsa galimoto m'dziko umakula galimoto ikakhala yokalamba kapena ya injini yaikulu. Tsono yotsika mtengo ku Japan siikhala yotsika mtengo nthawi zonse ikafika pa chipata cha Songwe.

Nanga banja lisankhe iti? Ngati kwanu nkumapiri ndipo ntchito yaikulu ndi matumba, funani ya 1500, kaya ikhale Succeed kaya Probox. Ngati kwanu nkwachidikha ndipo katundu ndi wopepuka, monga tomato ndi ndiwo zamasamba, ya 1300 ikukwanirani. Koma choposa dzina ndi umoyo wa galimotoyo, chifukwa ambiri a magalimotowa anatumikira makampani nayenda mitunda yosawerengeka asanafike kuno. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tengani makaniko wokhulupirika wa kwanu, osati wokusankhirani wogulitsa. Ailize injini m'mawa isanatenthe, aone ngati situlutsa utsi wobiriwira, agone pansi kufufuza dzimbiri ndi oyilo wodontha, ayang'ane masipuling'i akumbuyo ngati sanatope, ndipo aiyese pa chitunda. Inunso yerekezani nambala yodindidwa pa thupi la galimoto ndi yolembedwa m'mapepala a umwini. Probox yosamalidwa iposa Succeed yozunzidwa.

Atsala mau a kwa inu abambo. Ambuye Yezu anatiphunzitsa kuti wofuna kumanga nsanja ayambe wakhala pansi kuwerenga ngati chuma chake chikwana. Galimoto idya tsiku lililonse: petulo, matayala, inshuwalansi, msonkho wa pamseu. Musagule mobisira akazi anu, amene analima nanu munda womwewo, pakuti mutu umodzi susenza denga. Musagulitse chimanga cha ana, kapena kukongola katapila, kuti anthu akuoneni pa bwalo la tchalitchi tsiku la Mulungu.

Ndipo mukaigula, kumbukirani kuti ili ndi mipando ya anthu asanu. Wopakira anthu khumi pamwamba pa matumba chifukwa cha kusirira ndalama achimwira lamulo lachisanu la Mulungu, pakuti mabuleki anawayesera katundu wa muyeso wake, ndipo pa chitsetso samvera pemphero la munthu wosasamala. Pitani nayo kwa Bambo Mfumu aidalitse, ndipo mnansi wanu akadwala usiku musamfunse ndalama asanakwere.

Kristofa Woyera, nkhoswe ya apaulendo, atipempherere ife tonse.