Buku Lapafoni Lakana Kutseguka? Dziwani za Mabuku Otsekedwa ndi Obwereka



Masiku ano ophunzira ambiri a Deen amawerenga mabuku a tafsir, fiqh ndi sirah pafoni kapena patabuleti. Koma ambiri amadabwa: buku lomwe m'bale watumiza pa WhatsApp likukana kutseguka, kapena lomwe anabwereka ku laibulale ya pa intaneti latsekeka patatha masabata awiri. Foni siinaonongeke ayi. Bukulo lili ndi loko yomwe amaitcha DRM.

Loko imeneyi imagwira bwanji?

Osindikiza mabuku amaika DRM kuti buku lisakopedwe mwachisawawa. Fayilo ya bukulo imasokonezedwa dala, ndipo kiyi woyitsegulira amamangiriridwa ku akaunti ya munthu amene wagula kapena kubwereka. Ndiye mukatumiza fayiloyo kwa mnzanu, mwampatsa bokosi koma kiyi watsala ndi inu.

Maloko ake ndi osiyana. Buku logulidwa ku Amazon limafuna pulogalamu ya Kindle. Lochokera ku Apple Books limawerengedwa pa zipangizo za Apple. Malaibulale ndi masitolo ena ambiri amagwiritsa ntchito loko ya kampani ya Adobe.

Kafayilo ka ACSM

Mukatenga buku la loko ya Adobe, chimene chimatsika koyamba ndi kafayilo kakang'ono kothera ndi zilembo za .acsm. Kameneka si buku, ndi chiphaso chokatengera buku. Chitani izi:

1. Tsegulani akaunti yaulere ya Adobe ID pogwiritsa ntchito imelo yanu.
2. Ikani pafoni pulogalamu yodziwa loko imeneyi, monga PocketBook Reader, ndipo mulowetsemo akauntiyo musanatsegule buku lililonse.
3. Onetsetsani kuti tsiku ndi nthawi pafoni zili zolondola, chifukwa zikalakwika chiphasocho chimakanidwa.
4. Tsegulani kafayiloko intaneti ili yoyatsa. Buku lenileni, la EPUB kapena PDF, litsika.

Likatsika mutha kuzimitsa data n'kumawerenga popanda kutha bandulo. Akaunti imodzi ya Adobe ID imaloledwa pa zipangizo zosapitirira 6. Lembani imelo ndi pasiwedi yanu pamalo osungika, pakuti mukasintha foni popanda zimenezi, mabuku anu sadzatsegukanso.

Kubwereka ku laibulale

Abale athu okhala ku Cape Town kapena ku Britain amene ali ndi khadi la laibulale ya boma atha kubwereka mabuku kwaulere kudzera mu pulogalamu ya Libby, ya kampani ya OverDrive. Malaibulale ena a ku Britain amagwiritsa ntchito BorrowBox. Nthawi zambiri buku limabwerekedwa masiku 7, 14 kapena 21, ndipo nthawi ikakwana limabwerera lokha, popanda chindapusa. Kawirikawiri laibulale imalipirira chilolezo choti kope limodzi liziwerengedwa ndi munthu mmodzi pa nthawi, n'chifukwa chake mumapeza mzere. Mukamaliza msanga, bwezani. Pali wina amene akudikira.

Amene tili kuno kumudzi titha kutsegula akaunti yaulere ku Internet Archive, komwe mabuku ena amabwerekedwa kwa ola limodzi. Dziwani kuti mabuku ambiri anachotsedwako bungweli litagonja pa mlandu ndi osindikiza mabuku ku America mu 2023, komanso pa apilo mu 2024.

Kugula si kukhala nalo mpaka kalekale

Pa buku la DRM, chomwe mumalipira ndi chilolezo chowerengera. Mu 2019 kampani ya Microsoft inatseka sitolo yake ya mabuku, ndipo mabuku omwe anthu anagula anasiya kutseguka, ngakhale kuti ndalama anabwezeredwa. Choncho buku lomwe mudzalifune moyo wanu wonse, kapena loti lisungidwe pamadrasa, ndi bwino kuligula lapepala kapena lopanda loko.

Nanga kuthyola lokoyo?

Mapulogalamu ochotsa DRM alipo, ndipo ena amati ilimu ya Deen siyenera kutsekeredwa. N'zoona kuti ma ulama ena akhala ndi maganizo otero. Koma bungwe la akatswiri a fiqh la maiko a Chisilamu, Majma' al-Fiqh al-Islami, pa msonkhano wake ku Kuwait mu 1988, linagamula kuti ufulu wa wolemba pa ntchito yake ndi wotetezedwa m'Shariah ndipo sikololedwa kuuphwanya. Kuno ku Malawi lamulo la Copyright Act la 2016 limatetezanso ufuluwu, ndipo bungwe la COSOMA ndi lomwe limayang'anira.

Komanso tikumbukire kuti pobwereka buku tinavomera malamulo ake, ndipo Surah Al-Ma'idah imayamba ndi kutilamula kukwaniritsa mapangano. Chobwereka ndi amaana. Womasulira amene watha zaka akutanthauzira buku la hadith nayenso ali ndi banja loti alidyetse.

Alhamdulillah, njira za halaal zilipo zambiri. IslamHouse imagawa mabuku aulere m'zinenero zambiri, ndipo Al-Maktaba al-Shamila ili ndi mabuku zikwizikwi a Chiarabu. Mabuku omwe eni ake analola kuti afalitsidwe, agaweni mmene mungathere. Muli malipiro mmenemo, Insha Allah.

Tikupempha Allah atipatse ilimu yopindulitsa ndi rizq ya halaal. Ameen.