Tisanyoze ng'ombe zathu za Malawi Zebu

Alimi ambiri amandifunsa komwe angagule nkhunzi ya Brahman, ati chifukwa ng'ombe zamakolo nzazing'ono. Ine ndimawayankha kuti ayambe aona bwino chuma chomwe chili kale m'khola mwawo.

Ng'ombe yathu ya linunda ndi nyanga zazifupi, yomwe alangizi amaitcha Malawi Zebu, ndi yapachibale ndi ya Angoni yopezeka ku Chipata ndi ku Lundazi m'dziko la Zambia. Yaikazi yokhwima imalemera makilogalamu pafupifupi 250. Kuchepa thupi kumeneku ndi kumene kumaipulumutsa. Mu Okutobala udzu ukauma, imakhalabe ndi moyo pa mapesi ndi msipu wa kudambo. Imapirira dzuwa, imayenda mtunda wautali kukamwa madzi, ndipo matenda obwera ndi nkhupakupa saigwetsa msanga ngati momwe amachitira ndi ng'ombe zochokera ku Ulaya. Ng'ombe yaikulu thupi imafunanso chakudya chambiri, ndipo ikachisowa imaonda ndi kuleka kubereka.

Nanga nchifukwa chiyani ng'ombe za m'makola ambiri zikunka zichepa? Vuto ndi kasankhidwe. Nkhunzi yamphamvu timaifula kuti izikoka ngolo, kapena timaigulitsa kwa abutchala pofuna ndalama ya feteleza. Yotsala yofooka ija ndiyo imakwera zazikazi zonse, ngakhale ana ake omwe. Kubereketsana pachibale kotere kumatulutsa ana onyentchera.

Choncho, alimi anzanga, mwana wamphongo wokula msanga, wobadwa kwa mayi wobereka kawirikawiri, musamufule. Fulani enawo. Nkhunzi imodzi imakwanira zazikazi 25, ndiye makola angapo oyandikana angathe kugwiritsa ntchito imodzi. Pakatha zaka 3 sinthanani ndi a mudzi wina, isanayambe kukwera ana ake.

Kupirira sikutanthauza kuti ng'ombe isiyidwe yokha. Pitani nazo ku dibi kapena zipopereni mankhwala, makamaka nthawi ya dzinja pamene nkhupakupa zimachuluka. Mukakolola musatenthe mapesi ndi masangwi a mtedza. Unjikani pa thandala kuti mudzadyetse m'chilimwe. Mfule yomwe mukufuna kugulitsa muitsekere m'khola miyezi 5 kapena 6, muziipatsa madeya, mchere ndi madzi okwanira. Ikanona, mtengo mudzanena ndinu, osati wogula.