Mafilimu Atatu ndi Diso la Mlendo

M'tinyumba toonetsa kanema pa misika ya ku Nachisaka ndi kumapiri a Ntchisi, achinyamata amazidziwa bwino nkhani za ku Nigeria ndi nkhonya za ku China. Koma ndi ochepa amene adaonerapo mafilimu a anthu oima paokha, opanda makampani aakulu kumbuyo kwawo, ofotokoza moyo wa m'chigawo chino. Atatu mwa mafilimu otere ndi osiyana mtundu: ina ndi yanthabwala, ina yachikondi, ina ya zochitika zenizeni. Komabe onsewo afunsa funso limodzi: kodi munthu wosauka chimamuchitikira n'chiyani mlendo wachuma akamuponyera diso?

Yanthabwala ndi I Am Not a Witch, yomwe Rungano Nyoni, mayi wobadwira ku Lusaka, adatulutsa mu 2017. Kamtsikana kamasiye, kamene pambuyo pake kapatsidwa dzina loti Shula, kanamiziridwa ufiti popanda umboni weniweni. Akatumiza kumsasa wa amayi okalamba otchedwa mfiti, kumene aliyense amangiriridwa nsalu yoyera yaitali kumsana kuti asauluke. Shula auzidwa kuti akadula nsaluyo asanduka mbuzi. Mkulu wina wa boma, a Banda, aona kuti pakamwanako pali phindu: akagwiritsa ntchito yoloza akuba pamilandu, napita nako pa wailesi ya kanema kukatsatsa mazira. Alendo okaona malo nawonso afika kumsasako ndi kujambula amayiwo ngati nyama za kunkhalango. Woonera aseka mpaka misozi, koma pothera pake Shula amwalira, mvula yomwe anthu ankamukakamiza kugwetsa n'kugwa iye atapita. Filimuyi idapata mphotho ya BAFTA ku Britain mu 2018.

Yachikondi ndi The Last Fishing Boat ya mu 2012, yolembedwa ndi kutsogoleredwa ndi Shemu Joyah wa kuno ku Malawi. Yusufu ndi msodzi amene kale adali wodziwika m'mbali mwa nyanja, koma tsopano makoka ake abwera opanda kanthu chifukwa nsomba zachepa. Mwana wake Mustafa wasiya bwato, ndipo adyera kuperekeza azungu odzacheza. Mkazi wake wachitatu, Abiti Anefa, ndi wachitsikana ndi wokongola, ndipo mzungu wina wamuika pamtima. Mayiyo ali pamphambano: kuno kuli ulemu wa banja ndi mwambo, uko kuli munthu wa mawu okoma ndi thumba lodzaza. Joyah sanapange mzunguyo kukhala chilombo kapena Yusufu kukhala mngelo. Adaonetsa kuti nyanja ikauka, ngakhale chikondi chimayamba kuikidwa pamtengo.

Yachitatu ikhudza kwambiri anthu a kumapiri kuno, pakuti mwini nkhani, William Kamkwamba, adabadwira ku Dowa mu 1987 asanakakulire m'mudzi wa Masitala ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Njala ya mu 2001 ndi 2002 idamuchotsa kusekondale makolo atalephera kulipira fizi. Ataona chithunzi m'buku lotchedwa Using Energy m'kalaibulale ka kwawo, adamanga makina opanga magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugama, zitsulo za njinga ndi zotayidwa zina. Ambiri adaiona nkhani imeneyi mu filimu ya Chiwetel Ejiofor ya mu 2019. Koma William and the Windmill, yomwe Ben Nabors adatulutsa mu 2013, iyambira pamene enawo athera. Itsata mnyamatayo atatchuka pamsonkhano wa TED ku Arusha mu 2007, kenaka kusukulu ya African Leadership Academy ku Johannesburg, mpaka ku Dartmouth College ku America. Woonera aona mtolo wa kutchuka: omuthandiza ali ndi zolinga zawo pa iye, abale ndi mudzi wonse ayembekeza chithandizo, pamene iye mwini akungofuna kukhoza mayeso.

Shula adaonongeka ndi diso la alendo, Abiti Anefa adayesedwa nalo, William adakwezedwa nalo koma kalipo kamtengo kamene adalipira. Akulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Mafilimuwa akumbutsa kuti kalumo komweko kamameta, kamathanso kucheka.

Mphunzitsi amene angaonetse ophunzira ake imodzi mwa mafilimuwa asangowafunsa kuti nkhani yatha bwanji. Awafunsenso kuti wagwira kamera ndani, ndipo wapindula ndani. Wotsiriza sukulu amene ali ndi foni yojambula m'thumba ali nacho chida chimene agogo ake adalibe. Akapanda kujambula yekha moyo wa mlimi wa fodya wa ku Dowa, adzabwera wina wakutali kudzaujambula monga momwe iyeyo afunira.