Chibaba cha Fodya M'masabata Oyamba

M'midzi ndi m'matauni muli anthu ambiri amene anayesapo kusiya fodya. Munthu amadzuka m'mawa atatsimikiza mtima, nataya ndudu zotsala, nauza a kunyumba kwake kuti basi zatha. Tsiku loyamba limadutsa, lachiwirinso limadutsa movutikira, koma pofika madzulo a tsiku lachitatu amapezeka ali pa okala akugula ndudu imodzi. Akafunsidwa amangoti chamugonjetsa ndi chibaba. Anzake amamuseka kuti ngwofooka mtima, ndipo iye mwini amayamba kukhulupirira kuti fodya adzalowa naye m'manda. Komatu chimene chimagwetsa anthu otere kawirikawiri ndi kusadziwa m'mene chibaba chimayendera: kumene chimachokera, masiku amene chimakula, ndi kutalika kwa nthawi imene chimakhala chisanazirale.

Gwero loyamba la chibaba ndi chikonga, chimene madokotala amachitcha nikotini. Munthu akakoka utsi, chikongacho chimalowa m'magazi kudzera m'mapapo ndipo chimafika ku ubongo pasanathe masekondi 20. Kumeneko chimachititsa ubongo kutulutsa timadzi totchedwa dopamine, timene timapatsa munthu kumva bwino kwa kanthawi. Wosuta ndudu 10 pa tsiku, ngati iliyonse aikoka kakhumi, ndiye kuti akuphunzitsa ubongo wake phunziro lomwelo ka 100 tsiku lililonse, ndipo pa chaka koposa ka 36,000. Ubongo wophunzitsidwa chotero umazolowera, nuyamba kuyembekezera chikonga monga momwe mimba imayembekezera nsima. M'chaka cha 1988 mkulu wa zaumoyo wa dziko la America, Dr C. Everett Koop, anatulutsa lipoti lonena kuti chikonga chimamanga munthu mwa njira yofanana ndi mankhwala ozunguza bongo a heroin ndi cocaine. Motero wovutika ndi chibaba asadzione ngati wopepera, pakuti akulimbana ndi chinthu champhamvu ndithu.

Chikonga sichikhalitsa m'thupi. Pakatha maola awiri okha, pafupifupi theka la chimene chinali m'magazi limakhala litatha. N'chifukwa chake wosuta kwambiri amafuna ndudu akangodzuka, popeza usiku wonse thupi lake linali kutaya chikonga osalandira china. Mtendere umene amaumva akasuta ndi kutha kwa kusautsidwa kumene fodya yemweyo anabweretsa, monga munthu amapumulira akavula nsapato yothina.

Tsono munthu akasiya kusuta, ubongo umadandaula. Amapsa mtima pa zinthu zazing'ono, amasowa tulo kapena kulota maloto achilendo, amalephera kuika maganizo pa ntchito, amamva njala pafupipafupi, ndipo ena amadzimbidwa kapena kutuluka tizilonda m'kamwa. Zonsezi zimayamba tsiku loyamba lomwelo, zimafika pachimake m'sabata yoyamba, makamaka pa tsiku lachiwiri ndi lachitatu, kenaka zimanka zichepa mpaka zambiri zimatha pakati pa sabata yachiwiri ndi yachinayi. Munthu uja wopezeka pa okala madzulo a tsiku lachitatu anagonja atafika kale pamwamba pa chitunda, kutsogolo kutatsala potsetsereka. Akadadziwa zimenezi, mwina akadapirira usiku umenewo.

Chinthu chofunika koposa kuchidziwa ndi ichi: chibaba chimabwera m'zigawozigawo, ndipo chigawo chimodzi chimangokhala mphindi zowerengeka, kawirikawiri zosapitirira 5 kapena 10. Chimayamba pang'ono, chimakula mpaka munthu kuona ngati mutu uphulika, kenaka chimazirala chokha, kaya iye wasuta kapena ayi. Chili ngati kamvuluvulu wa m'chilimwe, amene amadzutsa fumbi pabwalo naulutsa udzu, koma posakhalitsa amapitirira. Choncho ntchito ya munthu wosiya fodya pa nthawi imeneyo ndi yochepa ndi yodziwika: kudutsa mphindi zimenezo popanda kuyatsa ndudu. Sayenera kudzifunsa ngati angathe kukhala moyo wake wonse osasuta, pakuti funso limenelo limalemetsa mtima. Angodzifunsa ngati angathe kudikira mphindi 10. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa mphindi zimenezo pali zochita zimene zathandiza ambiri. Kumwa kapu ya madzi pang'onopang'ono kumatangwanitsa kamwa ndi manja. Kukoka mpweya wambiri kudzera m'mphuno ndi kuutulutsa mosafulumira, kasanu kapena kakhumi, kumatsitsa mtima pansi. Kuyenda ndawala kwa mphindi 5 kapena 10 kumachepetsadi mphamvu ya chibaba, ndipo ofufuza zaumoyo anatsimikiza zimenezi kangapo konse. Kupita kukatunga madzi, kuwaza nkhuni kapena kupalasa njinga kumagwira ntchito yomweyo. Chachikulu ndi kuchoka pamalo pamene chibabacho chamupezera munthu. Wokhala phee pampando akulimbana nacho m'maganizo okha amachipatsa mpata wokula.

Gwero lachiwiri la chibaba ndi chizolowezi, ndipo limeneli limakhalitsa kuposa loyamba. Kwa zaka zambiri ndudu inali kuyendera limodzi ndi zinthu zina za tsiku ndi tsiku: tiyi wa m'mawa, kutha kudya nsima, kudikira basi, kusewera bawo pansi pa mtengo, kuchezera usiku pamaliro, kapena mkangano wa m'banja. Mlonda amasuta kuti athamangitse tulo, msodzi amasuta poyembekezera nsomba pakati pa nyanja usiku kukuzizira. Ubongo unamangirira ndudu ku nthawi zimenezi, kotero kuti ngakhale chikonga chitatheratu m'magazi, fungo la tiyi lokha limatha kudzutsa chibaba. Ubwino wake ndi wakuti chibaba chotere sichibwera modzidzimutsa. Munthu angathe kukhala pansi asanasiye, nawerenga nthawi zonse zimene amasuta pa tsiku, nakonzeratu chochita pa nthawi iliyonse. Wozolowera kusuta akangosamba m'manja atadya, anyamuke nthawi yomweyo akatsuke mano. Wosowa chogwira madzulo atong'ole chimanga, asende mtedza, aluke mphasa kapena atafune mzimbe. Nthawi iliyonse imene tiyi wamwedwa popanda ndudu, chingwe chomangirira ziwirizi chimafooka, mpaka tsiku lina chimaduka.

Mwa zodzutsa chibaba, mowa nawonso wagwetsa ambiri. Umafooketsa kudziletsa, ndiponso kumene kuli mowa sikusowa wosuta wopatsa mnzake ndudu mwaulere. Munthu amene wapirira masiku khumi angathe kutaya zonse pa chikho chimodzi cha masese. N'kwanzeru kutalikira malo omwera mowa kwa mwezi woyamba wonse, ndi kuuziratu abwenzi mosabisa kuti asamupatse fodya ngakhale iye mwini atapempha.

M'maboma olima fodya monga Kasungu, Mchinji, Dowa, Lilongwe, Mzimba ndi Rumphi muli vuto lina lapadera. Mlimi safunika ndalama kuti asute, popeza tsamba lili m'chigafa chake, ndipo kupichira chingambwe ndi ntchito ya mphindi imodzi. Sangathe kuthawa fungo la fodya pamene akusoka, kusankha ndi kudinda mabelo. Chimene angathe ndi kuchotsa m'thumba mapepala opichirira ndi machesi asanalowe m'chigafa, ndi kupumulira kutali ndi anzake osuta. Wosankha tsiku losiyira angachite bwino kupewa masabata amene amakhala m'chigafa tsiku lonse. Ena amaganiza kuti apulumuka posinthira ku fodya wa m'mphuno kapena woika m'kamwa, koma ameneyunso ali ndi chikonga chochuluka, amasunga chibaba chamoyo, ndipo amawononga nkhama ndi kuyambitsa khansa ya m'kamwa.

Msampha woopsa kwambiri ndi ganizo lakuti imodzi yokha siingalakwe kanthu. Ganizoli limakula chifukwa ndudu zimagulitsidwa imodziimodzi pa mtengo wooneka wochepa. Koma ubongo umene unayamba kuiwala phunziro lija umalikumbukira msanga ndi kukoka kumodzi kokha, ndipo ambiri mwa amene amalawako m'masabata oyamba amabwerera ku kusuta kwa tsiku ndi tsiku. Alangizi othandiza anthu kusiya fodya amaphunzitsa lamulo limodzi losapita m'mbali, lakuti kuchokera pa tsiku losiyira munthu asakokeko ngakhale kamodzi. Komabe amene waterereka asataye mtima n'kugula paketi yonse. Ataye zotsala, aganizire bwino chimene chinamugwetsa, nayambirenso tsiku lomwelo. Ambiri mwa amene anasiyiratu fodya anayesa kangapo asanapambane.

Pali zosintha zina za m'thupi zimene zimasokoneza munthu ngati sanachenjezedwe. Utsi wa fodya umafulumizitsa chiwindi kuchotsa kafini wa mu tiyi ndi khofi. Munthu akasiya kusuta, kafiniyo amakhalitsa m'magazi, kotero kuti makapu omwewo amene anazolowera amayamba kumubweretsera kugunda kwa mtima, kunjenjemera ndi kusowa tulo, iye n'kumayesa kuti ndi chibaba. Kuchepetsa tiyi ndi khofi, makamaka madzulo, kumachotsa vutoli. Mankhwala ena, monga ena a matenda a maganizo ndi theophylline wa mphumu, nawonso amachuluka mphamvu m'thupi munthu akasiya kusuta, choncho womwa mankhwala tsiku ndi tsiku auze adokotala ake za kusiyako. Za njala, n'zoona kuti ambiri amanenepako, mwina makilogalamu 4 kapena 5 m'chaka choyamba, koma kuopsa kwake n'kochepa kwambiri poyerekeza ndi utsi. Zipatso ndi chimanga chowotcha n'zabwino kuposa masiwiti ndi mandasi. Ena amayamba kutsokomola kuposa kale chifukwa mapapo akutulutsa zinyalala. Koma chifuwa chikapitirira masabata awiri, kapena chikadza ndi magazi, kuwonda ndi thukuta la usiku, munthu apite kuchipatala akayezetse makhololo, pakuti osuta amagwidwa ndi chifuwa chachikulu mosavuta kuposa osasuta.

Aliponso mankhwala ochepetsa chibaba. M'chaka cha 1976 dokotala wina wa ku London, Michael Russell, anafotokoza kuti chimene chimakokera anthu ku ndudu ndi chikonga, koma chimene chimawapha ndi phula la mu utsi. Pa mfundo imeneyi pagona mankhwala opatsa thupi chikonga chochepa popanda utsi: chingamu, chimene chinayamba kupangidwa ku Sweden, ndi tizigamba tomata pakhungu. Kafukufuku wochuluka anaonetsa kuti zimenezi zimawonjezera mwayi wosiyiratu ndi pafupifupi theka. Bungwe la World Health Organization linaziika pa mndandanda wa mankhwala ofunika m'chaka cha 2009, ndipo mu July 2024 linatulutsa malangizo ovomereza zimenezi pamodzi ndi mapiritsi a varenicline, bupropion ndi cytisine, makamaka akaphatikizidwa ndi uphungu. Chingamucho sichitafunidwa mwachangu ngati chamasewera. Munthu amatafuna pang'ono, nachisunga m'tsaya, nabwerezanso kukoma kwake kukazirala. Amene angathe kuzipeza afunse kaye kwa adokotala kapena kwa wogulitsa mankhwala wovomerezeka, makamaka amayi oyembekezera ndi odwala mtima. Amene sangazipeze asaleke kuyesa, pakuti anthu miyandamiyanda anasiya popanda mankhwala aliwonse.

A pabanja ali ndi gawo lalikulu, popeza mutu umodzi susenza denga. Bambo amene akukalipa popanda chifukwa m'sabata yoyamba akufunika kumulezera mtima, ndipo mawu akuti "bola mungosuta, mwatitopetsa" agwetsa anthu ambiri amene anatsala pang'ono kupambana. Mayi kapena mwana angathandize pochotsa machesi ndi zotsalira za ndudu, pochapa zovala zonunkha utsi, ndi poperekeza munthuyo kukawongola miyendo madzulo. Kusunga m'chitini ndalama zimene zikadapita ku fodya kumalimbikitsa, chifukwa pakutha pa mwezi zimaoneka ndi maso. Kukhumudwa kwa masiku oyamba kumatha, ndipo kafukufuku wofalitsidwa mu British Medical Journal m'chaka cha 2014 anapeza kuti osiya fodya amakhala ndi nkhawa yochepa pambuyo pake kuposa opitiriza kusuta. Koma ngati munthu wagwa mphwayi kwambiri, kapena akulankhula zodzipha, aperekezedwe kuchipatala mosazengereza.

Pamene munthu akuvutika ndi masabata amenewa, thupi lake limakhala litayamba kale kuchira. Pasanathe tsiku limodzi, mpweya woipa wa carbon monoxide umatsika m'magazi kufika pa mlingo wa munthu wosasuta. Pakati pa masabata 2 ndi 12 magazi amayenda bwino ndipo mapapo amayamba kulimba. Pakatha chaka, chiopsezo cha matenda a mtima chimatsika kufika pafupifupi theka la cha wosuta. M'chaka cha 1951 Richard Doll ndi Austin Bradford Hill anayamba kutsata umoyo wa madokotala aamuna oposa 34,000 a ku Britain. Zotsatira za zaka 50, zimene zinatuluka mu 2004, zinaonetsa kuti osuta moyo wawo wonse amafa msanga ndi zaka pafupifupi 10, koma wosiya ali ndi zaka 30 amabweza pafupifupi zaka zonsezo, wosiya pa zaka 40 amabweza 9, wa zaka 50 amabweza 6, ndipo ngakhale wa zaka 60 amabweza 3. Zaka zimenezi zimagulidwa ndi mphindi khumi zija, zopiriridwa kambirimbiri m'mwezi woyamba. Chibaba chidzabwerabe mwa apo ndi apo ngakhale patapita miyezi, pamaliro kapena pa tsiku la mavuto, koma chidzakhala chofooka, ndipo munthu amene anachiona chikudza ndi kupita nthawi zambiri adzadziwa kale chochita: kumwa madzi, kunyamuka pamalopo, ndi kudikira kuti chizirale.